Momwe mungayambire digiri pa intaneti osasiya ntchito

Ambiri a ife tinaima pa MSCE kapena dipuloma, kenako ntchito, banja ndi fizi ya ana zinatitsekera njira yobwerera m'kalasi. Munthu wodyetsa pakhomo sangasiye malipiro zaka 4 kuti akakhale pa koleji. Apa ndifotokoza njira yolowera ku University of the People, imene ambiri amangoti UoPeople. Inakhazikitsidwa mu 2009 ndi Shai Reshef, likulu lake lili ku Pasadena ku California, ndipo maphunziro ake onse amachitikira pa intaneti.

Choyamba, musanatulutse ngakhale tambala, fufuzani ngati pepala lanu lidzagwira ntchito kumene mukufuna kulipereka. Ku America sukuluyi inavomerezedwa ndi bungwe la DEAC mu 2014, kenako ndi WSCUC mu 2025. Koma inu mudzakafunsira ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo kuno bungwe loona za maphunziro a ukachenjede ndi NCHE, lomwenso limaunika mapepala ochokera kunja. Alembereni kalata, tchulani dzina la sukulu ndi maphunziro amene mukufuna, ndipo yankho lawo mulisunge. Funsaninso kuntchito kwanu ngati digiri yotereyi amaiwerengera pokweza anthu. Amene muli ku South Africa, funsani ku SAQA, bungwe lounika mapepala kumeneko. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa zimandiwawa kuona munthu atagona mochedwa zaka zingapo, kenako n'kumva kuti pepala lake liyenera kukaunikidwa kaye, chonsecho akanafunsa pachiyambi pomwe.

Chachiwiri, sankhani maphunziro poyang'ana ntchito imene muli nayo kapena imene mukuifuna. Sukuluyi ilibe maphunziro ambirimbiri. Pa digiri yoyamba pali Business Administration, Computer Science ndi Health Science, ndipo amene ali nayo kale digiri angachite MBA, yomwe ndi masitazi a zamalonda, kapena masitazi a zauphunzitsi. Chenjerani ndi Health Science: imaphunzitsa za umoyo wa anthu, koma sikupatsani chilolezo chogwira ntchito ya unamwino kapena udokotala. Digiri yonse ndi makosi 40. Ngati mukuona kutalika, yambani ndi digiri yaing'ono yotchedwa Associate, ya makosi 20, mudzapitirize mukapuma.

Kulembetsa kwenikweni n'kosavuta. Mumadzaza fomu pa intaneti, kulipira ndalama yolembetsera ndi kutumiza satifiketi ya sekondale. Muyeneranso kusonyeza kuti Chingerezi mumachitha, kaya ndi zotsatira za mayeso ngati IELTS kapena TOEFL, kaya pokhoza kosi ya Chingerezi ya pasukulu pomwepo. Satifiketi ijambuleni bwino pa sikana, osati pa foni usiku mthunzi wa dzanja uli pakati.

Tsopano za ndalama, chifukwa apa ndi pamene anthu amanamizana. Mudzamva akuti sukuluyi ndi yaulere. Zoona zake n'zakuti simulipira kuphunzitsidwa kapena mabuku, poti zowerenga zonse zili pa intaneti, koma kosi iliyonse ili ndi ndalama ya mayeso imene imaposa madola 100. Chulukitsani ndi 40, ndiye muisinthe m'makwacha. Kumbukiraninso kuti kwacha ikagwa, ngati mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi yanu imakwera tsiku lomwelo pamene malipiro ali pomwe paja. Pitani ku banki yanu mukafunse ngati khadi yanu ya Visa kapena Mastercard imalola kulipira kunja, komanso malire ake ndi ndalama zingati pamwezi. Sukuluyi ili ndi thandizo la fizi kwa ovutika, choncho pemphani msanga, osadikira kuti teremu ithe. Amene muli pa chipereganyu kapena banki m'khonde, konzani kuti ndalama yanu izituluka chakumapeto kwa teremu.

Chovuta kwambiri ndi ntchito ya sabata ndi sabata. Chaka chili ndi materemu 5, iliyonse ya masabata 8 ophunzira kenako mayeso. Sabata ya sukulu imayamba Lachinayi n'kutha Lachitatu, ndipo mkati mwake muyenera kuwerenga, kulemba maganizo anu pa funso la mphunzitsi, kuyankha anzanu a m'kalasi ndi kupereka ntchito yolemba. Palibe mphunzitsi woima kutsogolo pa ola loikika, ndiye palibenso wokukumbutsani. Nthawi ya sukuluyi ili m'mbuyo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya kuno, moti pamene iwo akutseka Lachitatu usiku, kwa ife kwacha kale Lachinayi. Musadalire maola amenewo. Ine ndinawadalirapo kamodzi: ndinadzuka 4 koloko m'mawa kuti ndimalize, magetsi anali atazima usiku, laputopu inafera pa ndime yomaliza, ndipo ndinalembanso zonse pa foni chala chikunjenjemera, madzi osamba akuzirala pa mbaula. Kuyambira pamenepo ntchito yanga imapita Lolemba.

Pa teremu yoyamba tengani kosi imodzi yokha, muone kaye mmene thupi likulandirira. Lachinayi mukaweruka, tsitsani zowerenga zonse za sabatayo muzisunge mu foni. Zambiri ndi zolemba chabe, sizidya bandulo ngati mavidiyo, ndipo mungaziwerenge mu minibasi kapena pa nthawi ya nkhomaliro. Loweruka m'mawa likhale lolemba. Akunyumba auzeni poyera kuti maola amenewo si oti azikutumani kumsika, ndipo pakagwa maliro kapena pali ukwati, ntchito iperekeni musananyamuke.

Makosi ena mayeso ake omaliza amafuna woyang'anira. Mungasankhe munthu wodalirika amene si wachibale, monga mphunzitsi wamkulu kapena m'busa, kapena kulola kuti akuyang'anireni pa kamera ya kompyuta. Mukasankha munthu, dzina lake liperekeni kusukulu nthawi ikadalipo, mugwirizane tsiku, ndipo mupeze malo okhala ndi sola kapena jenereta kumene intaneti siduladula. Abwana anu apempheni tchuthi cha tsikulo teremu ikangoyamba.