Momwe mungasankhire njinga yopinda yosaboola m'thumba yopitira kuntchito

Mafuta akangokwera, minibasi nayo imakwera tsiku lomwelo, ndipo ambiri ayamba kuganiza zopalasa. Koma munthu wa lendi ya chipinda chimodzi ku Kawale kapena ku Ndirande aisunga pati njinga yaikulu? Kuisiya pakhonde usiku n'kuitana akuba. Njinga yopinda imathetsa nkhawayi: mukafika mumaipinda, n'kulowa nayo m'nyumba kapena kuikhazika pakona mu ofesi. Zotchipa zilipo zambiri, zatsopano ndi zakaunjika zochokera ku Japan, koma si zonse zoyenera ndalama yanu.

Yambani ndi njira yomwe muzidutsa. Ngati ndi kufupi komanso pafulati, ya giya imodzi ikukwanirani, ndipo siivuta kukonza. Wa ku Blantyre amene amakwera zitunda za ku Chilomoni kapena Zingwangwa afune ya magiya 6 kapena 7. Ambiri mwa magiya a njinga zotchipazi ndi a Shimano, omwe okonza njinga athu anawazolowera.

Kenako yang'anani matayala, ndipo apa musafulumire. Njinga zambiri zopinda zimakhala ndi matayala a mainchesi 16 kapena 20. Za 16 zimapindika bwino n'kukhala kaphukusi kakang'ono, koma dzenje lililonse mumalimva m'chiuno, ndipo pamchenga zimatitimira. M'misewu yathu ino ine ndimati tengani ya 20. Chifukwa china n'chakuti tayala likatha kapena chubu chikaphulika simuyenda mtunda kufunafuna. Werengani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala. Mukaona 406, monga 47-406, dziwani kuti ndi saizi yomweyo ya njinga za BMX ndi za ana okulirapo, yomwe imapezeka m'mashopu ambiri a zipangizo za njinga. Palinso ina yolembedwa 451; nayonso amaitcha ya mainchesi 20, koma tayala la 406 silingalowe pa limu yake. Za 16 nazo zili pawiri, 305 ndi 349. Njinga yokongola imene yakhala miyezi itatu kuseri kwa chitseko chifukwa chosowa tayala siyakupulumutsani ku minibasi.

Tsopano gwirani polumikizira pamene njingayo imapindikira, pakati pa felemu ndi pansi pa handulo. Moyo wa njinga yopinda uli pamenepa. Itambasuleni, tsekani zotsekera zonse, gwirani buleki yakutsogolo, ndiye muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamagwedera kapena kulira kuti gwede gwede, funsani ngati imamangika. Zambiri zili ndi kabawuti kokhwimitsira. Mukamanga koma osasintha, isiyeni. Chotsekera chabwino chimalimba pochikanikiza ndipo chimakhala ndi kachingwinjiri kachiwiri koletsa kuti chisatseguke chokha muli paulendo. Pukutani fumbi ndi chala, muunike ndi tochi ya foni pomwe anawotcherera. Kamng'alu kangachepe bwanji, kapena penti yatsopano pamalo amodzi okhawo, n'chizindikiro choti mubweze. Felemu yachitsulo wowotcherera wapamsika angathe kuikonza, koma ya aluminiyamu ikasweka nkhani yatha. Ndimaumirira pa mfundoyi chifukwa felemu ikathyoka mukutsetsereka pakati pa magalimoto, chotayika si ndalama yokha.

Ikapambana pamenepo, ipindeni nokha, osati wogulitsa, kawiri kapena katatu. Kenako inyamuleni muyende nayo mapazi angapo. Zambiri zotsika mtengo zimalemera makilogalamu 12 mpaka 15, ndipo kusiyanako mudzakumva pokwera masitepe m'mawa uliwonse.

Ikwereni ndithu. Kwezani chishalo mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongokeratu pedulo ikakhala pansi, koma musapyole mzere wolembedwa pa chitsulo cha chishalocho. Anthu aatali asamale ndi zochokera ku Japan, zina ndi zazifupi. Yesani mabuleki onse awiri, sinthani magiya onse, zungulitsani mawilo muone ngati sakupepera. Opanga ambiri amaika malire a kulemera pafupifupi makilogalamu 100, kuphatikizapo chikwama. Choncho si njinga ya kabaza iyi, kapena yonyamulira thumba la chimanga.

Za mayina musatengeke nazo kwambiri. Brompton ya ku London ndi yabwino koma mtengo wake si wa nkhani ino. Dahon, kampani yomwe inayamba mu 1982, komanso Tern, zimapezeka zogwiritsidwapo kale ntchito pamtengo wofikirika, ndipo abale amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain angaone Btwin ya m'mashopu a Decathlon. Sitika yokha aliyense atha kumata, ndiye khulupirirani zimene manja anu apeza.

Popita kokagula tenganani ndi wokonza njinga amene mumamudalira, mumupatse kangachepe. Iye adzaona msanga masipoko omasuka ndi tcheni chotha, ndipo zimenezo ndi zomwe mudzanenerere mtengo. Ndalama yotsalayo mugulire chubu chapadera, mpope wogwirizana ndi valavu yake, nyale zakutsogolo ndi kumbuyo, ndi chipewa choteteza mutu. Ngati ilibe madigadi, aikeni mvula isanayambe mu Novembala.