Landman akagogoda pakhomo musathamangire kusaina

Abale anga amene munagula kamalo kuno ku America makamaka ku Pennsylvania, Ohio, Texas kapena Oklahoma, tsiku lina mudzalandira kalata kapena munthu adzabwera ndi galimoto yake ya pikapu atanyamula mapepala kuti kampani yake ikufuna lizi ya gasi ndi mafuta apansi pa malo anu. Ine zinandichitikira ndipo ndikanasaina tsiku lomwelo chifukwa ndalama imene anatchula inandisokoneza mutu, anandiletsa ndi neba wanga, mzungu wina wachikulire amene anasainapo kale zoterezi ndipo mpaka pano amadandaula. Nde ndati ndikuuzeni zomwe ndinaphunzira.

Kwathu ku Malawi nkhani iyi siyingabwere nkomwe chifukwa zapansi pa nthaka ndi za boma, mafuta akapezeka pamunda panu lamulo la za mafuta la 1983 limati ali mmanja mwa pulezidenti poimira anthu onse, inu mumangolandira chipukuta misozi cha pamwamba basi. Kuno ndi zina, munthu wamba amatha kukhala mwini wa gasi amene ali pansi pa nyumba yake. Koma apa mpamene ambiri timapusira, kugula nyumba sikutanthauza kuti munagulanso zapansi ayi. Mwina mwini wake wakale anagulitsa pamwamba pokha nkusunga zapansi, kapena agogo ake anazigulitsa zaka 80 zapitazo. Nde chinthu choyamba tulutsani deed yanu, chikalata cha umwini wa malo, muwerenge, kenako pitani ku ofesi ya county komwe amasunga madeed mukatsate mmbuyo mwini ndi mwini mpaka muone ngati pena pake wina anazipatula. Ku Texas izi nzofunika zedi chifukwa mwini wa zapansi ali ndi mphamvu kuposa wa pamwamba, akhoza kulowa pamalo panu kudzabowola inu osalandira royalty, gawo la ndalama zogulitsira, ngakhale senti imodzi.

Munthu wabwera uja amamutcha landman, amaseka bwino, amayamikira galu wanu, koma kumbukirani kuti amalipidwa ndi kampani osati inu. Pepala limene wabweretsa analemba ndi maloya a kampani ndipo chilichonse mmenemo chimakambidwa, palibe mzere umene sungasinthidwe. Akakuuzani kuti aneba onse asaina kale mwatsala inu nokha, kapena kuti mtengowu utha Lachisanu, muuzeni asiye pepalalo mumuyimbira. Ngati pansi panu pali chinthu abweranso ndithu.

Musanakambe za mtengo dziwani kaye kuti malo anu ali pati. Mwala wa shale uli pansi kwambiri ndipo sutulutsa kanthu wokha, anthu a George Mitchell, mwini kampani ya gasi ku Texas, ndi amene anapeza njira yotsika mtengo youswa ndi madzi ndi mchenga, imene amaitcha fracking, ku Barnett Shale pafupi ndi Fort Worth chakumapeto kwa zaka za mma 1990, kenako zinafika ku shale ya Marcellus mu 2004 ndi chitsime cha kampani ya Range Resources ku Washington County, Pennsylvania. Masiku ano amabowola kutsika kenako nkukhotetsa chammbali makilomita angapo, ndiye kuti makina akhoza kukhala kutali koma paipi ikudutsa pansi pa bedi lanu. Lowani pa intaneti muone mapu a zitsime ndi mapemiti, ku Texas ndi Railroad Commission, dzina la sitima koma ntchito yake ndi ya mafuta, ku Pennsylvania ndi DEP, dipatimenti yoteteza zachilengedwe. Mukaona mapemiti atsopano pafupi nanu mawu anu amalemera. Amene muli ku New York state musadzivutitse, fracking yotereyi anailetsa kuyambira 2015.

Tsopano ndalama. Pali bonasi imene amakupatsani kamodzi posaina, amawerengera pa ekala, ndiye pali royalty imene ndi gawo lanu pa zonse zimene chitsime chidzagulitse. Maso athu amathamangira bonasi chifukwa ndi yooneka lero, fizi ya ana kumudzi, malata a nyumba ya amayi, ndikudziwa bwino. Koma nkhani yeniyeni ili pa royalty. Kalekale inali 1/8, ndiye kuti 12.5 peresenti, ndipo ku Pennsylvania lamulo la 1979 limati isatsike kuposa pamenepo, koma mmadera abwino a ku Texas anthu amakamba mpaka 1/5 kapena 1/4. Ndiye osangoyang'ana nambala yokha, yang'anani ngati akuchotsapo ndalama zonyamulira gasi mmapaipi, kumuyeretsa ndi kumupanikiza asanakupatseni gawo lanu. Mu 2010 khoti lalikulu la Pennsylvania pa mlandu wa Kilmer v. Elexco linavomera kuti kampani ikhoza kuchotsa ndalama zimenezi ngakhale pa 1/8 ija, ndipo neba wanga uja ndi zomwe zinamuluma, gasi atatsika mtengo cheke chake chimabwera chongokwanira kugula buledi pomwe chitsime chikutulutsabe usiku ndi usana. Limbikirani kuti alembe momveka kuti royalty yanu ndi ya pa mtengo wonse wogulitsira popanda kuchotsa kalikonse, ndipo mawu amenewo awalembe loya wanu. Ine ndingalole bonasi yochepa bola mzere umenewu ulowe.

Masamu ake tengani chitsanzo ichi. Muli ndi maekala 10, kampani yawaphatikiza ndi a aneba kupanga yuniti ya maekala 640, royalty yanu ndi 1/5. Ndiye 10 kugawa ndi 640 kuchulukitsa ndi 0.20 zikupatsani 0.003125, kutanthauza kuti pa madola 1,000,000 aliwonse amene agulitsa anu ndi 3,125. Si zoipa, koma zitsime za shale zimayamba ndi mphamvu nkutsika msanga kwambiri, cheke cha miyezi yoyamba musachitenge ngati salale mpaka kukatenga loni ya galimoto kapena kusiya shifiti.

China chimene anthu saona ndi kutalika kwa lizi. Amati zaka 3 kapena 5, koma pali mawu akuti ipitirira malinga ngati chitsime chikutulutsa, ndiye akabowola chimodzi chokha pakona malo anu onse amangidwa mpaka adzukulu. Pemphani Pugh clause kuti gawo limene sanaliike mu yuniti libwerere kwa inu nthawi ikatha, komanso miyala ya pansi kuposa pamene afika ibwerere, chifukwa pansi pa Marcellus palinso shale ina yotchedwa Utica ndipo imeneyo mukhoza kudzaichita lizi payokha. Onaninso kuti akatseka chitsime nkumangokupatsani kandalama ka shut-in zisapitirire zaka zowerengeka, ndipo ngati akufuna ufulu wowonjezera zaka alipirenso bonasi ina.

Za pamwamba pa malo ndi madzi musazisiye pakamwa. Ngati malo ndi ochepa nenani kuti asaikepo makina, msewu, paipi kapena dziwe lililonse, apite pansi pokha. Ngati mumamwa madzi a chitsime chanu itanani labu yovomerezeka idzayeze asanayambe kubowola, pepala la zotsatira musunge pamodzi ndi pasipoti. Anthu a ku Dimock ku Pennsylvania anavutika zaka zambiri ndi gasi mmadzi awo ndipo kukangana kwambiri kumakhala pa funso loti madziwo anali bwanji kale. Lamulo la Act 13 la 2012 ku Pennsylvania limati madzi akawonongeka mkati mwa mafiti 2,500 kuchokera pachitsime cha shale pasanathe miyezi 12, kampani ndiyo iyenera kusonyeza kuti si iyo, koma izi zimakuthandizani bwino mukakhala ndi umboni wanu.

Safunsa anadya phula abale, gogodani kwa aneba mufunse anapatsidwa zingati, ena amapanga gulu nkulemba loya mmodzi ndipo maekala akachuluka kampani imamva. Loyayo akhale wa oil and gas wa state yanuyo, osati uja anakuthandizani mapepala a imigireshoni. Auzeninso a banki ngati muli ndi mogeji chifukwa ena amafuna chilolezo chawo kaye. Chotsani mzere woti mukutsimikiza kuti zapansizo ndi zanu, afufuze okha, kuopa kudzakulipiritsani zikapezeka kuti pali cholakwika mmadeed akale. Ndipo lizi yosainidwa musaipereke posinthana ndi bank draft, pepala lolonjeza kulipira pakatha masiku 90, imene akhoza kuibweza, funani cheke chenicheni kapena pepalalo likhale kwa loya mpaka ndalama zilowe.

Bonasi ikalowa patulani ya IRS, bungwe lotolera msonkho, pomwepo chifukwa sachotseratu msonkho, pa royalty pokha pali kuchotsera kwa 15 peresenti kotchedwa depletion, mumufunse akauntanti wanu. Chitsime chikayamba kutulutsa adzakutumizirani kapepala kena kotchedwa division order kali ndi nambala ya gawo lanu, tengani kalikuleta mubwereze masamu aja nokha, nambala ikasiyana ndi yanu ngakhale pa dijiti yomaliza ayimbireni musanasaine.