Windo likasowa, socket ikadali moyo

Nyengo ino ndayang'ana mapulogalamu angapo ochezerapo ndi otumizira mafayilo pa netiweki, ndipo matenda ake ndi amodzimodzi. Munthu amadina X, windo n'kusowa, iye basi waganiza kuti zonse zatha. Sizinathe ayi. Mu Java Swing (zida zopangira mawindo m'chinenero cha Java), windo lalikulu lotchedwa JFrame limabwera lili pa HIDE_ON_CLOSE, ndiye limangobisala. Mu Qt, zida zinanso zopangira mawindo, namonso widget (windo kapena kachidutswa kake) yotsekedwa siichoka m'memori ngati simunaike WA_DeleteOnClose. Socket, khomo limene pulogalamu imalumikizirana ndi netiweki, ikadali yotsegula; thread yowerenga, kagawo ka pulogalamu kogwira ntchito pambali, ikudikirabe uthenga; timer ikugundabe.

Mtengo wake umabwera pang'onopang'ono, n'chifukwa chake anthu amaunyalanyaza. Pa makina ambiri a Linux, pulogalamu imodzi imaloledwa kugwira mafayilo ndi masocket 1024 okha nthawi imodzi. Windo lililonse la macheza lotsekedwa mosakonza limadyapo limodzi, mpaka tsiku lina mukuona "Too many open files". Kwa seva, munthu amene anachoka kalekale akuonekabe ngati alipo, ndipo ikumutumizirabe mauthenga. Mu Java, thread yosakhala daemon (yosaikidwa kuti izifa yokha pulogalamu ikamatha) imachititsa kuti JVM, imene imayendetsa pulogalamuyo, isafe, ndiye mukayatsanso pulogalamu yomvetsera pa port (nambala ya khomo la pa netiweki) yomweyo imakana ndi "Address already in use". Apa ambiri amathamangira SO_REUSEADDR, chosankha chololeza kugwiritsanso port msanga, pomwe wagwira port ndi pulogalamu yawo yakale ija imene sinafe. Choipitsitsa ndi thread imene yalandira uthenga n'kufuna kuulemba pa windo lomwe linawonongedwa kale. Pulogalamu imatha kugwa pomwepo, ndipo pa kompyuta ya wolemba sizichitika kawirikawiri.

Bambo wina wolemba mapulogalamu anandiuza monyadira kuti mankhwala ake ndi kuzimitsa kompyuta madzulo alionse. "Ikayamba kudandaula ndimangoiyatsanso, imachira," anatero. Tinalemba ss -tan, lamulo loonetsa masocket, pa makina awo. Mizere ya CLOSE-WAIT inadzaza sikirini mpaka pansi: seva inatsanzika kale, mbali yawo sinatsekepo ndi imodzi yomwe. Iwo n'kumanenabe kuti vuto ndi intaneti.

Ndipo chizolowezi chomwaza System.exit(0), lamulo lozimitsa pulogalamu yonse ya Java, paliponse chandikwana. Chimabisa litsiro ngati kusesera pansi pa mphasa. Pulogalamu ya mawindo awiri, mukatseka limodzi chimapha onse, ndi fayilo imene inali mkati molembedwa yomwe.

Chochita si chambiri. Gwirani nthawi yotseka: windowClosing mu Swing, closeEvent mu Qt, WM_DELETE_WINDOW mu Tkinter. Imitsani timer, uzani thread kuti ileke, kenako tsekani socket. Mu Java, close() imadzutsa thread yodikira ndi SocketException, ingoigwirani. Mu C pa Linux musadalire close() yokha pamene thread ina ili pa recv(), yambani ndi shutdown(). Podikira kuti thread ithe ndi join ikani malire a nthawi, apo ayi windo liuma. Mukatero tsegulani ndi kutseka windolo kambirimbiri uku mukuyang'ana lsof -p, lamulo loonetsa mafayilo ndi masocket amene pulogalamu yatsegula. Nambala yake ikamangokwera, pali chomwe mwasiya.