Madzi a mvula ochoka pa malo omangapo: zimene khonsolo imafuna kwa womanga

Munthu akapeza malo oti amangepo nyumba, sitolo kapena poimika magalimoto, maganizo ake amakhala pa maziko, makoma ndi denga. Za kumene madzi a mvula adzalowere amazikumbukira mvula yoyamba itagwa, pamene wa kumunsi kwake wafika kudzadandaula kuti matope adzaza pakhomo pake. Malangizo ano akupita kwa eni malo, amisiri ndi makampani omanga, ndipo mutu wake ndi umodzi: madzi amene agwera pa malo anu ndi udindo wanu, ndipo nthawi yabwino yowakonzera njira ndi pamene mapulani akadali pa pepala.

Tiyambe ndi kuwerengera, chifukwa ambiri sazindikira kuchuluka kwa madzi amene tikunenawa. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Choncho denga la masikweya mita 100, mvula ya mamilimita 30 ikagwa, limatulutsa malita 3,000, ndipo mvula yomweyo pa hekitala imodzi ndi malita 300,000. Pamene pali udzu ndi mitengo, gawo lalikulu la madziwo limalowa pansi kapena kutsalira m'masamba, ndipo othamanga pamwamba nthawi zambiri sapitirira magawo 3 mwa magawo 10. Koma pa malata, pa phula ndi pa konkire, magawo 7 mpaka 9 kapena kuposerapo amathamanga osalowa pansi. Mainjiniya amawerengera zimenezi pochulukitsa zinthu zitatu, kukula kwa malo, mphamvu ya mvula ndi gawo la madzi osalowa m'nthaka, ndipo njira imeneyi, imene Thomas Mulvaney wa ku Ireland anailongosola mu 1851, ikugwirabe ntchito pa malo aang'ono mpaka lero.

Vuto silili pa kuchuluka kokha. Madzi amene kale ankatenga maola angapo akuyenda pang'onopang'ono m'udzu, tsopano amafika kumunsi onse pamodzi m'mphindi zochepa. Apa ndi pamene makalavati amachepa, ngalande zimasefukira, zigwembe zimang'ambika ndipo magombe a mitsinje amagumuka. Madziwo amatenganso mafuta a galimoto, zinyalala ndi dothi n'kukazitaya mumtsinje. Ndipo poti salowanso pansi, zitsime ndi akasupe zimaphwa msanga nyengo yopanda mvula. Akatswiri a za mitsinje aona kuti mtsinje umayamba kuwonongeka pamene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a dera lothira madzi mumtsinjewo lakutidwa ndi madenga ndi misewu.

N'chifukwa chake makhonsolo ambiri padziko amaika lamulo lofanana: madzi otuluka pa malo anu mutamanga asathamange mwamphamvu kuposa momwe ankatulukira musanamange. Ku America, lamulo loteteza madzi la 1972 linawonjezeredwa mu 1987 kuti likhudzenso madzi a mvula, ndipo lero aliyense wogumula nthaka yokwana ekala imodzi kapena kuposerapo amayenera kukhala ndi chilolezo komanso ndondomeko yolemba yoletsa matope kutuluka pa malopo. Ku Wales, kuyambira mu 2019, ntchito yomanga yokwana masikweya mita 100 kapena kuposerapo imafunika chivomerezo chapadera cha khonsolo pa kayendedwe ka madzi a mvula. M'matauni ambiri a ku Germany mwini malo amalipira msonkho wa madzi a mvula malinga ndi kukula kwa gawo limene wakuta ndi denga kapena simenti, kotero kuti wosiya nthaka yotseguka amalipira zochepa. Malamulo amasiyana dera ndi dera, ndipo choyamba kuchita ndi kufika ku ofesi ya mapulani ya khonsolo yanu n'kufunsa zimene imafuna. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli ndi lachilungamo, pakuti wopindula ndi nyumbayo ndiye ayenera kusenza mtolo wa madzi ake, osati amene amakhala kumunsi.

Khonsolo ikhoza kukuuzani kuti ngalande zanu zipirire "mvula ya kamodzi pa zaka 10" kapena "ya kamodzi pa zaka 100". Mawu amenewa amasocheretsa anthu. Satanthauza kuti ikagwa chaka chino ndiye kuti mwapuma zaka 100, koma kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi mwa 100 woti mvula yotere igwe, ndipo ikhoza kugwa zaka ziwiri zotsatizana.

Musanajambulitse mapulani, kayendereni malowo mvula ikugwa kapena itangosiya. Onani kumene madzi akulowera kuchokera kumtunda, kumene akudikha ndi kumene akutulukira. Madzi saiwala khwawa, ndipo amene amakwirira khwawa kapena dambo kuti apeze malo owonjezera amadzapeza madziwo akudutsa m'nyumba mwake kapena mwa mnzake. Kenaka yesani nthaka: kumbani dzenje pamene mukufuna kuti madzi azilowera pansi, lidzazeni madzi kangapo, ndipo muone nthawi imene akutenga kuti aphwe. Nthaka ya mchenga imamwa msanga, pamene ya makande kapena malo amene madzi a pansi ali pafupi sizimwa mokwanira, ndipo pamenepo pamafunika kusunga madzi m'malo mowalowetsa pansi.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yomanga, chifukwa nthaka imakhala pamtunda popanda choiteteza. Musalambule malo onse nthawi imodzi. Lambulani gawo limene mukugwirapo ntchito, kwinako udzu ukhalebe. Dothi lapamwamba liunjikeni padera ndi kulifunditsa kuti mudzalibwezere pomaliza. Kumunsi kwa malo ikani mpanda wansalu wotchinga matope, ndipo pa malo aakulu kumbani dziwe laling'ono loti matope azidikhamo madzi asanatuluke. Polowera magalimoto thirani miyala kuti matayala asatengere matope mumsewu. Madzi otsukira simenti asathiridwe m'ngalande, chifukwa amapha zamoyo za m'madzi ndipo simentiyo ikauma imatseka mapaipi.

Pa njira zokhalitsa, yambirani pa denga. Thanki yolandira madzi a padenga imachepetsa othamanga ndi kukupatsani othirira ndi ochapira, koma kumbukirani kuti thanki yodzaza kale siithandiza mvula yotsatira ikabwera, choncho pakhale posefukira polunjika malo oyenera. Dzenje lodzaza miyala lolowetsa madzi pansi likhale mamita osachepera 5 kuchoka pa maziko a nyumba, komanso kutali ndi chitsime ndi chimbudzi. M'malo mwa ngalande ya konkire yowongoka, imene imangothamangitsa vuto kupita kwa wina, kumbani ngalande yotakata, yosazama ndi yodzala udzu, kuti madzi aziyenda pang'onopang'ono n'kumalowa pansi. Pa malo otsetsereka, mizere ya udzu wa vetiva yodzalidwa mopingasa imagwira dothi bwino. Pabwalo ndi poimika magalimoto gwiritsani ntchito njerwa zoyala zokhala ndi mipata kapena miyala yaing'ono m'malo mothira simenti ponseponse. Pa malo a nyumba zambiri pamafunika dziwe losungira madzi kwa kanthawi, lokhala ndi potulukira pang'ono kuti madzi azichoka mwapang'onopang'ono. Dziwe lotere liziuma pasanathe masiku awiri kapena atatu, chifukwa udzudzu umatha kukula kuchoka pa dzira m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ngati pali ana pafupi likhale ndi magombe osaphompha kapena mpanda.

Pali chinthu chimene chimalephereka kawirikawiri ngakhale mapulani atakhala abwino, ndicho chisamaliro. Dzenje la miyala limatsekeka ndi matope, potulukira dziwe pamadzaza mapepala a pulasitiki, ndipo pakatha zaka zochepa palibe amene akukumbukira kuti ntchitoyo ndi ya yani. Chinanso ndi chakuti mwini nyumba, atalandira kale chilolezo, amadzawonjezera chipinda kapena kuthira simenti bwalo lonse, osadziwa kuti wasokoneza mawerengero onse. Makhonsolo nawonso asamangodinda mapulani. Oyendera ntchito azifika pa malo nthawi yomanga ndiponso ntchito itatha.

Inu womanga, lembani m'pangano dzina la amene aziyeretsa ngalande, dzenje ndi dziwe, komanso kuti azichita zimenezi mvula isanayambe ndi pambuyo pa mvula iliyonse yamphamvu. Sungani chojambula chosonyeza pamene padutsa paipi iliyonse monga momwe inaikidwira, osati monga momwe inalili pa mapulani oyamba, ndipo tsiku limene mudzagulitse malowo mudzachipereke kwa wogula pamodzi ndi zikalata za umwini.