Momwe mungalawire mowa wa craft ndi kuzindikira mitundu yake

Munthu amene anazolowera lager wozizira kwambiri womwera m'botolo, kawirikawiri amakwinya nkhope akalawa koyamba IPA (India Pale Ale, mowa wodziwika ndi kuwawa kwake), ndipo ena amafulumira kugamula kuti mowawo ndi wowonongeka. Chonsecho mowawo umakhala uli bwinobwino, ndipo kuwawa kumene akukumvako n'kumene wofulula ankafuna. Mowa wotchedwa craft, womwe umafululidwa ndi makampani ang'onoang'ono oima paokha, uli m'mitundu yambirimbiri, ndipo mtundu uliwonse uyenera kuweruzidwa malinga ndi chimene mwini wake ankalinga, osati malinga ndi mowa umene wolawayo anakulira.

Poyamba dziwani kuti pafupifupi mowa wonse wa mtunduwu umachokera ku zinthu zinayi, zomwe ndi madzi, chimera, hops ndi yisiti. Chimera chake n'chofanana ndi chimene timachidziwa pophika thobwa, kungoti nthawi zambiri chimakhala cha balere kapena tirigu, ndipo chimaumitsidwa kapena kukazingidwa mosiyanasiyana. Chowumitsidwa pang'ono chimapereka mowa wowala wokoma ngati buledi, pamene chokazingidwa kwambiri chimadetsa mowa n'kuupatsa kukoma kwa khofi. Hops ndi maluwa a chomera choyanga, ndipo ndiwo amabweretsa kuwawa komanso fungo. Yisiti imadya shuga wa m'chimera n'kutulutsa ukali wa mowa pamodzi ndi mpweya umene umapanga thovu. Ntchito yaikulu ya wolawa ndiyo kumva kuti mwa zinayizi n'chiti chikulankhula mokweza mu tambula imene ili m'manja mwake.

Musamwere m'botolo kapena m'chitini, pakuti mphuno singagwire ntchito pamenepo, pomwe gawo lalikulu la chimene timati kukoma limachokera ku fungo. Tengani tambula yagalasi yoyera, yopanda mafuta kapena zotsalira za sopo, chifukwa zimenezi zimapha thovu. Muitsukuluze ndi madzi ozizira musanathiremo. Muipendeke pothira, ndipo mowa ukafika pakati muiwongole kuti thovu likwere muyezo wa zala ziwiri. Nkhani ya kuzizira ndiyo imene ambiri amalakwitsa. Kuzizira kwambiri kumatsekereza fungo, motero pilsner (lager wowala) amafuna madigiri a Celsius 4 mpaka 7, pale ale ndi IPA madigiri 7 mpaka 10, pamene stout (mowa wakuda) wolemera amamveka bwino pa madigiri 10 mpaka 13. Stout wongotuluka m'furiji mumusiye pa tebulo kwa mphindi khumi kapena kuposerapo musanamutsegule.

Ngati mukulawa mitundu ingapo tsiku limodzi, isapitirire isanu, ndipo mamililita 100 a mtundu uliwonse ndi okwanira. Yambani ndi mowa wopepuka ndi wosawawa kwambiri, wakuda ndi waukali ubwere pomaliza, chifukwa lilime limene lalandira IPA silingamvenso kufatsa kwa pilsner. Pakati pa mowa ndi unzake imwani madzi ndi kutafuna kabuledi kopanda chopakapo. Tsabola, fodya ndi mafuta onunkhira zikhale kutali. Werenganinso chiwerengero cha ABV cholembedwa pa botolo, chomwe chimanena ukali wa mowawo: pilsner amakhala pa 4 kapena 5 peresenti, IPA amafika 6 kapena 7, koma imperial stout amatha kupitirira 10, kotero kuti tambula imodzi ya ameneyu ikufanana ndi ziwiri za lager wamba. Wolawa sayendetsa galimoto pambuyo pake.

Mukathira, yang'anani kaye mtundu wa mowawo pa kuwala, muone ngati ndi woyera mbee kapena wachimbuuzi, ndiponso ngati thovu likukhalitsa. Kenako bweretsani tambula pafupi ndi mphuno, mununkhize pang'onopang'ono kawiri kapena katatu. Kukoka fungo mwamphamvu kamodzi kumangotopetsa mphuno. Zunguzani tambulayo mofatsa, mununkhizenso. Mukatero imwani pang'ono, mowawo uyende m'kamwa monse, ndipo mumeze, chifukwa kuwawa kwa hops kumamveka bwino ukadutsa kukhosi. Mukameza, tsekani pakamwa ndi kutulutsa mpweya kudzera m'mphuno. Pamenepa m'pamene fungo limene linabisala limaonekera, ndipo ine ndimaona kuti munthu akangophunzira kachitidwe kamodzi aka, kalawidwe kake kamasintha kuposa atawerenga mabuku ambiri.

Pilsner ndi malo abwino oyambirapo. Anafululidwa koyamba mu 1842 mumzinda wa Plzeň, womwe lero uli m'dziko la Czech Republic, ndi katswiri wa ku Bavaria (lero chigawo cha Germany) dzina lake Josef Groll, pogwiritsa ntchito madzi ofewa a kumeneko ndi hops a mtundu wa Saaz. Funani kukoma kwa buledi, fungo lofatsa ngati la udzu ndi maluwa, ndi kuwawa kumene kumatha msanga n'kusiya m'kamwa moyera. Ndi wa banja la lager, lomwe yisiti yake imagwira ntchito pang'onopang'ono pamalo ozizira ndipo simasiya fungo lake lambiri. Banja limeneli ife timalidziwa kale: Emil Christian Hansen anapatula yisiti yoyera ya lager mu 1883 ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, ndipo fakitale yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Pilsner wabwino alibe pobisala. Cholakwika chilichonse chimaonekera poyera.

Mukachoka apo lawani Hefeweizen, mowa wa tirigu wa ku Bavaria, wachimbuuzi ndi wathovu lambiri. Mudzamva fungo la nthochi zakupsa ngakhale kuti mulibemo nthochi, chifukwa ndi yisiti ya ale, banja lina la mowa, imene imagwira ntchito pamalo ofundirako, imene imatulutsa fungolo.

Pale ale ndi IPA ndiye bwalo la hops, ndipo apa m'pofunika kudekha. Mtundu wakale wa IPA unatchuka ku Burton upon Trent ku England, kumene madzi ake ali ndi mchere wa gypsum wochuluka umene umanola kuwawa kwa hops. Mtundu watsopano unachokera ku America, kumene kampani ya Sierra Nevada ya ku Chico, California, yomwe Ken Grossman anayambitsa ndi mnzake, inayamba kufulula pale ale wake mu 1980 pogwiritsa ntchito hops a Cascade, onunkhira ngati manyumwa ndi paini. Hops ena a masiku ano, monga Citra ndi Galaxy, amanunkhira ngati mango ndi magalagadeya. Musalole kuwawa kukulandeni chidwi chonse. Nunkhizani kaye, mutchule chipatso chimene mwachimva, kenako mufunse ngati pansi pa kuwawako pali kutsekemera kwa chimera kokwanira kukuchirikiza. Chiwerengero cha IBU chimene ena amalemba chimayeza kuwawa, koma musachikhulupirire chokha, pakuti mowa wa chimera chochuluka umabisa kuwawa kwake. IPA amafunanso kumwedwa akadali watsopano, chifukwa fungo la hops limazirala pakangopita miyezi yochepa, motero muziyang'ana tsiku limene anaikidwa m'botolo.

Porter ndi stout anayambira ku London m'zaka za m'ma 1700, ndipo ku Dublin, kumene Arthur Guinness anayamba kufulula pa St James's Gate mu 1759, stout anapeza kwawo kwachiwiri. Mdima wake usakuopseni, chifukwa kuda sikutanthauza ukali. Stout wa ku Ireland nthawi zambiri sapitirira 5 peresenti. Funani khofi, chokoleti, mtedza wokazinga, ndi kafungo kofanana ndi nkhoko za nsima zimene zapserera pang'ono.

Mowa wowawasa ndi umene umadabwitsa anthu ambiri a ku Ulaya ndi America, koma wodziwa masese kapena chambiko saona chachilendo, popeza tizilombo totulutsa asidi wa mu mkaka wosasa n'tomwenso timawawasitsa Berliner Weisse ndi Gose a ku Germany. Lambic wa kufupi ndi Brussels ku Belgium ndiye amapita patsogolo: ofulula amasiya madzi a chimera usiku wonse m'chotengera chosavindikira kuti yisiti ya mumpweya ilowemo yokha, kenako amausunga m'migolo yamatabwa kwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Kuwawasa kumene mu lambic kuli ulemu, mu pilsner kukanakhala chizindikiro cha matenda.

N'chifukwa chake muyenera kudziwanso zilema zenizeni, kuti musaimbe mlandu mowa wosalakwa kapena kuyamikira wowonongeka. Fungo la kanyimbi limatanthauza kuti kuwala kwafika pa hops, ndipo zimenezi zimachitika msanga m'mabotolo oyera ndi obiriwira kuposa a bulauni, ngakhalenso mu tambula yosiyidwa padzuwa kwa mphindi zochepa. Kukoma kwa katoni yonyowa kumasonyeza kuti mowa wakalamba ndipo mpweya walowamo. Fungo lamphamvu la batala kapena la apulo wosapsa limanena kuti wofulula anauchotsa msanga yisiti isanamalize ntchito, pamene fungo la chimanga chophika likachuluka limaloza ku kawiritsidwe kosakwanira. Sungani kope, ndipo pa mowa uliwonse lembani dzina, tsiku, fungo loyamba limene mwamva ndi chimene chatsalira m'kamwa mutameza, m'mawu a zakudya ndi zipatso zimene mumazidziwa. Pakapita mwezi mudzalawenso mowa womwewo musanawerenge zimene munalemba, kenako mufananitse.