Momwe mungaikire chotenthetsera cha PTC m'mbale ya madzi a firiji ya pabaraka

Eni mabaraka (timasitolo togulitsa zakumwa) ku Ulónguè, ku Moatize ngakhale mumzinda wa Tete amalidziwa vutoli: mukamatsegula m'mawa, pansi pa firiji yagalasi ya zakumwa pachita thamanda. Madziwo ndi ayezi amene amasungunuka m'kati n'kutsikira m'mbale ya kunsi. Pa firiji yakunyumba mbaleyo imakhala pamwamba pa kompuresa, ndipo kutentha kwake kumaumitsa madziwo. Ya malonda imatsegulidwa tsiku lonse, ndiye nyengo ya mvula, mpweya uli ndi chinyontho, mbale imasefukira.

Musathamangire kugula kanthu. Zulani pulagi, kokani mbale, tsukani ndere ndi fumbi, ndipo mutokose paipi yotsitsa madzi ndi kawaya kofewa. Kenako panitsani pepala pachitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, labala watha ndipo chinyontho chikulowera pamenepo. Nthawi zambiri nkhani imathera apa.

Madzi akamasefukirabe, pitani kwa ogulitsa zipangizo zamafiriji mukafunse resistência ya mtundu wa PTC, ya 220 V, chotenthetsera choumitsa madzi m'mbale chimene chimadzichepetsera chokha magetsi chikatentha. M'kati mwake muli timiyala ta seramiki ta barium titanate. Chotenthetserachi chikamira m'madzi chimazizira, choncho chimakoka magetsi ambiri. Madzi akauma chimatentha, timiyalato n'kuyamba kuwakana magetsiwo, mpaka chimangotsala ndi ochepa. Waya wamba wotenthetsera sadziwa kuti mbale yauma. Amadya magetsi anu olipiriratu a Credelec usiku wonse, ndipo angathe kusungunula mbale ya pulasitiki. N'chifukwa chake ine ndimati bola kuwonjezera ndalama pogula.

Za kukula kwake musachite zongoganiza. Lowetsani paipi ija m'botolo kwa tsiku lathunthu, muone madzi amene akutuluka. Lita imodzi imafuna pafupifupi 0.7 kWh kuti itenthe n'kuuma yonse, ndiye chotenthetsera chokoka 100 W chingaitengere maola 7. Firiji yotulutsa malita asanu patsiku sichingaikwanitse, imafuna chachikulupo.

Poika, chigonekeni pansi penipeni pa mbale ndi kuchipanitsa ndi kachitsulo kake kuti chisayandame kapena kugwedera. Mbale ikhale yachitsulo kapena ya pulasitiki yopirira moto. Polumikizira mawaya pakhale pamwamba, patali ndi madzi, m'kabokosi kotsekeka, ndipo waya wa terra, wokutetezani kuti magetsi asakugwireni, musausiye ukulendewera ngati mmene ena amachitira pofulumira. Werenganinso kachikwangwani ka kuseri kwa firiji. Pakalembedwa R290 kapena R600a, dziwani kuti gasi ameneyo amayaka, ndipo ntchito yolumikizayi isiyireni mmisiri wodziwa.

Mukamaliza, thirani makapu awiri a madzi m'mbale, bayani pulagi, mmisiri ayeze ndi mita yake yopanira waya. Poyamba singano kapena manambala amakwera, chimenecho si chodetsa nkhawa. Chofunika n'chakuti atsike kwambiri mbale ikauma. Akapanda kutsika, mwagulitsidwa waya wamba, bwezani.

Firiji isagunde khoma, chifukwa nthunzi ikasowa kotulukira imabwerera pa zitsulo n'kuyambitsa dzimbiri. Siyani mpata wolowa dzanja kuseri, ndipo mbale muziitsuka mwezi ndi mwezi, makamaka ku Moatize kumene fumbi la malasha limalowa paliponse.