Kamvedwe ka jazi yakale: momwe mungasiyanitsire oimba sakisofoni ndi khutu lanu

Anthu ambiri akangoyamba kumvera jazi amafuna adziwiretu kuti dolo ndani, Coltrane kapena Parker, chonsecho khutu lawo silinafike posiyanitsa alto ndi tenor, mitundu iwiri ya sakisofoni, alto ya mawu okwera ndi tenor ya mawu otsikirapo. Mkangano umenewo usiyeni kaye abale. Yambani ndi kuphunzitsa khutu, ndipo njira yachidule ndi kumvera anthu awiri akuimba nyimbo imodzi, osati kuthamanga ndi zimbale zambirimbiri zomwe mawa simungakumbuke olo imodzi.

Zofunika sizambiri, mahedifoni abwinoko kapena sipika yotulutsa bezi basi. Pa kasipika ka foni bezi imasowa, pomwe bezi ndi imene imakuuzani pamene nyimbo yafika. Nyimbo zonse nditchule pano mukazipeza pa YouTube, bola bandulo ikhalepo.

Dziwani kaye mmene nyimbo ya jazi imayendera. Gulu limayamba ndi kuimba mutu wa nyimbo, kenako aliyense amapatsidwa mpata wa solo, kupeka zake pompopompo koma pamwamba pa makodi omwe aja (magulu a manotsi olira pamodzi operekeza nyimbo) akungozungulira, pomaliza amabwerera ku mutu uja. Blues imakhala ndi mabala 12, nyimbo zina zambiri mabala 32 ogawidwa panayi. Gwedezani phazi nkumawerenga 1, 2, 3, 4, imeneyo ndi bala imodzi. Solo ikayamba muziimba mutu uja chamumtima, mudzadabwa kuti zomwe mumaziyesa phokoso zikutsata njira ndithu.

Chimbale choyambira ndi Kind of Blue cha Miles Davis cha 1959, nyimbo yoyamba So What. Mutu wake amauimba ndi wa bezi Paul Chambers, kenako Miles amalowa ndi lipenga, akatuluka amalowa John Coltrane pa tenor, kenako Cannonball Adderley pa alto. Apa mwapeza anthu awiri motsatizana, ng'oma zomwezo, makodi omwewo. Coltrane mawu ake ndi ouma, owongoka, sanjenjemera kwenikweni, amatenga kachidutswa kakang'ono nkukabwereza, kukakweza, kukatembenuza kenako nkuthira manotsi ambirimbiri kamodzi. Cannonball akangolowa mumva kusintha, mawu okwera, onona, odumphadumpha, odzaza ndi blues, munthu wosangalala. Komanso tcherani khutu pakatha mabala 16, nyimbo yonse imakwera pang'ono kwa mabala 8 nkutsikanso, ndiye muone mmene aliyense amalowera pokwera pamenepo. Bwerezani gawo limeneli mpaka muzidziwa kuti uyu watuluka uyu walowa osayang'ana pa sikirini.

Zimenezo zinali zosavuta poti zida ndi zosiyana. Mayeso enieni ndi Tenor Madness ya 1956, pomwe Sonny Rollins ndi Coltrane onse agwira tenor, blues ya mphindi pafupifupi 12, ndipo ndi nyimbo yokhayo yomwe awiriwa anajambulira limodzi mu situdiyo. Coltrane ndiye amayamba solo. Rollins akabwera mumva mawu okhuthala, otsika, ndipo sathamanga, amaseweretsa nthawi, apa wachedwa dala apa wadumphira kutsogolo, nthabwala zili mkati. Chakumapeto amayamba kupatsirana mabala anayianayi, pamenepo ndiye pokoma, uyu akanena uyu amayankha nthawi zina mongomutsanzira mnzake. Tsekani maso muzitchula dzina akangosinthana. Mukazitha zimenezo khutu lanu lakula.

Kenako bwererani mmbuyo mukaone komwe zinachokera, chifukwa tenor ya jazi ili ndi makolo awiri. Woyamba Coleman Hawkins, mverani Body and Soul yomwe anajambula mu Okutobala 1939. Ndi mphindi zitatu zokha, poti mbale za 78 za nthawi imeneyo zimatha pamenepo mbali imodzi, ndipo kuphwephwetha mukumvako musadandaule nako, khutu limazolowera msanga. Hawkins mutu wa nyimbo amangoukhudza poyambirira penipeni nkuusiya, kwinako konse akukwera ndi kutsika mkati mwa makodi ndi mawu olemera onjenjemera, ndipo chakumapeto amakwera mpaka kukhala ngati akufuula. Wachiwiri ndi Lester Young wa mu gulu la Count Basie, yemwe Billie Holiday anamupatsa dzina loti Prez. Ikani Lester Leaps In ya chaka chomwecho. Mawu opepuka, amphweya, manotsi ochepa, amasiya mipata, amatsalira pang'ono kumbuyo kwa ng'oma ngati munthu amene sakuthamangira minibasi poti akudziwa kuti ina ikubwera. Mukawagwira awiriwa mudzayamba kumva ana awo paliponse, Rollins muli Hawkins wambiri, pomwe Stan Getz, uja wa chimbale cha Getz/Gilberto cha 1964, ndi mbewu ya Lester yeniyeni.

Charlie Parker ndiye amathawitsa anthu, ndipo chifukwa chake nchakuti anthuwo amayambira pa Ko-Ko ya 1945 yomwe imathamanga moti phazi silingatsatire. Musayambire pamenepo. Yambani ndi Parker's Mood ya 1948, blues yodekha, mumve kaye kuti mkuluyu pa alto amalankhula ziganizo zomveka bwinobwino. Mukatero pitani ku Ko-Ko, tsitsani liwiro pa YouTube lifike 0.75, mudzapeza kuti ziganizo zija ndi zomwezo kungoti zapanikizidwa, notsi iliyonse ili pamalo pake. Anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34 zokha koma palibe woimba alto amene anabwera pambuyo pake osamukhudza. Anzathu a ku Joni, fufuzani Kippie Moeketsi pa chimbale cha Jazz Epistles cha 1960, mumva Parker atafika ku Johannesburg.

A Love Supreme ya Coltrane, yojambulidwa mu Disembala 1964, isungeni ikhale yomaliza ngakhale aliyense amaitchula koyamba. Ndi pemphero la magawo anayi, mphindi zoposa 30 pang'ono, ndipo siyomvera uku mukuchapa kapena kuyankha ma meseji ayi. Mu gawo loyamba gwirani manotsi anayi omwe Jimmy Garrison amayamba nawo pa bezi, muwasunge mmutu, chifukwa chakumapeto Coltrane amawatenga nkumawaimba mobwerezabwereza akusinthasintha makiyi, mpaka kuyamba kuwatchula ndi pakamwa. Ine pandekha ndikafuna kusangalala ndimathamangira kwa Rollins, St. Thomas ya pa Saxophone Colossus ija ya kalipso, Coltrane amafuna tsiku lomwe mutu uli phee. Koma zimenezo ndi zanga, inu mudzasankha nokha khutu likapsa.

Pofananiza, musamafunse kuti wathamanga kwambiri ndani. Funsani zinthu zitatu, mawu ake ndi olemera kapena opepuka, ali kutsogolo kwa ng'oma kapena kumbuyo, nanga amapuma pati. Popumira pamaulula munthu kuposa china chilichonse, Lester amapuma msanga nkukusiyani mukudikira, Coltrane amakoka mpweya umodzi mpaka inu omvera kubanika.

Mukaona kuti mwayamba kuzitolera, mupatseni mnzanu foni asankhe nyimbo zisanu inu musakuona, aziika pakatikati pa solo osati poyambira, inu muzitchula dzina la woimba. Muuzeni asakanizemo Getz wa zaka za m'ma 1950 ndi Lester Young, awiriwo ndi amene amagwetsa anthu ambiri.